Kuphwanya pikiseli ya kutentha: momwe mungaonetsere munda uliwonse pawokha pa chithunzi cha Landsat

Mukatsegula chithunzi cha setilaiti ya Landsat cha m'chigwa cha Shire, cha ku Nchalo uko, m'mitundu yooneka ndi maso, zinthu zimaoneka bwino ndithu: minda ya nzimbe yodulidwa m'magawo, ngalande zamadzi, msewu wa M1 wolowera ku Nsanje, ndi midzi yomwazikana m'mbali mwake. Mukatsegula bandi ya kutentha (gawo la chithunzi losonyeza kutentha kwa nthaka) ya tsiku lomwelo, ya ola lomwelo, zonse zija zimasungunuka. Malire a minda amasowa, ngalande zimazimiririka, chimatsala ndi madontho ofiira ndi obiriwira ngati utoto wothiridwa madzi.

Fayilo ikuti pikiseli yake, kabokosi kamodzi ka chithunzi, ndi mamita 30, ndipo ambiri amakhulupirira zimenezo. Koma chida chojambula kutentha pa Landsat 8 ndi Landsat 9, chotchedwa TIRS, chimayeza pa mamita 100. A USGS, bungwe la ku America limene limagawa zithunzizi, amangotambasula chithunzicho kuti chilingane ndi mabandi ena a mamita 30. Mamita 100 mbali zonse ndi hekitala imodzi yathunthu, pamene minda yambiri ya alimi ang'onoang'ono kwathu kuno siifika hekitala. M'kabokosi kamodzi mutha kulowa dimba la wina, khonde la wina, mtengo wa mango ndi kanjira ka fumbi, zonsezo n'kupatsidwa nambala imodzi.

Chifukwa chake chili m'chilengedwe cha kuwalako. Kutentha kumene nthaka imatulutsa kumayenda pa mafunde aatali, a pakati pa mamaikulomita 10 ndi 12, pamene kuwala kofiira kuli cha pa 0.65. Mafunde aataliwo safuna kulunjikitsidwa pa kadontho kakang'ono, ndipo chida chimayenera kusonkhanitsa mphamvu kuchokera pa malo aakulu kuti chipeze muyeso wodalirika. N'chifukwa chake masetilaiti onse ali ndi vuto lomweli: Landsat 5 inkayeza pa mamita 120, Landsat 7 pa 60, ASTER pa 90, ECOSTRESS ya pa International Space Station cha pa 70, ndipo MODIS ndi Sentinel-3 pa kilomita yathunthu. Sentinel-2, imene imaona mpaka mamita 10, ilibe bandi ya kutentha ngakhale imodzi.

Njira imene ndifotokoze pano imaphatikiza zithunzi ziwiri, chowoneka bwino ndi cha kutentha. M'mabuku a Chingerezi mukaipeza ndi mayina akuti thermal sharpening kapena downscaling. Musanayambe, mvetsani chimene ikuchita. Tiyerekeze banja lakolola minda inayi n'kuthira chimanga chonse m'nkhokwe imodzi. Mukudziwa kuti mwalowa ngolo zingati, koma palibe analemba za munda uliwonse. Munthu amene anaiona mindayo ili yobiriwira atha kunena kuti wa kudambo unapereka zambiri, wa kumtunda unapereka zochepa, ndipo nthawi zambiri salakwitsa kwambiri. Koma magawo akewo akaphatikizidwa ayenera kukwana ngolo zimene zinalowadi m'nkhokwe. Ifenso sitikuyeza kutentha kwatsopano. Tikugawa kumene kunayezedwa kale, potsata maonekedwe a zomera, ndipo gawo lililonse la ntchitoyi liyenera kuteteza muyeso woyambirirawo.

Poyamba: sankhani zithunzi zoti muphatikize

Ngati n'koyamba, yambani ndi Landsat yokhayokha: kutentha kuchokera ku TIRS, maonekedwe a zomera kuchokera ku chida china cha pa setilaiti yomweyo chotchedwa OLI. Ubwino wake ndi woti zonse zinajambulidwa nthawi imodzi, choncho palibe munda umene unasintha pakati. Mutsika kuchoka pa mamita 100 kufika pa 30. Landsat 8 inauluka mu 2013, Landsat 9 mu 2021, iliyonse imabwerera pamalo amodzi pa masiku 16, ndipo ziwirizo pamodzi zimakupatsani chithunzi pa masiku 8 alionse, cha m'ma 10 koloko m'mawa.

Mukazolowera, mutha kuika Sentinel-2 m'malo mwa OLI n'kutsika mpaka mamita 20 kapena 10. Pamenepa samalani masiku. Ku minda ya nzimbe amaotcha asanadule, ndipo gawo limene linali lobiriwira Lolemba litha kukhala phulusa lakuda Lachinayi. Ine sindilola kusiyana kopitirira masiku awiri kapena atatu, ndipo ngati panagwa mvula pakati, zithunzizo siziphatikizika ayi.

Nyengo yabwino yophunzirira ndi Seputembala ndi Okutobala. Mitambo imachepa, ndipo kusiyana kwa minda yothiriridwa ndi nthaka youma ya m'midzi kumakhala kwakukulu, kotero mgwirizano wa zomera ndi kutentha umene tikuufuna umaoneka msanga. Chenjerani ndi utsi wa moto wa m'tchire, umene umachuluka miyezi yomweyi.

Kutsitsa ndi kusandutsa manambala

Pa webusaiti ya EarthExplorer ya USGS sankhani Landsat Collection 2 Level-2. Onani kuti dzina la chithunzi lili ndi zilembo L2SP, chifukwa chokhala ndi L2SR chilibe kutentha. Musawononge bandulo potsitsa phukusi lonse. Mukufuna mafayilo awa okha: ST_B10 ya kutentha, SR_B4 yofiira, SR_B5 ya kuwala kosaoneka kumene masamba amabweza kwambiri, QA_PIXEL ya mitambo, ndi kafayilo ka MTL kofotokoza za chithunzicho. Ngati bandulo ikulola, onjezani SR_B6 ndi SR_B7, tidzazifuna kutsogolo.

Manambala a m'mafayilowa sali madigiri. Mu Raster Calculator ya pulogalamu ya mapu ya QGIS lembani:

ST_B10 * 0.00341802 + 149.0 - 273.15

Zotuluka ndi madigiri a Celsius a pamwamba pa nthaka. Mukaona -124.15 penapake, amenewo ndi mapikiseli opanda kanthu amene nambala yawo inali 0, achotseni. Mabandi a SR onse achulukitseni ndi 0.0000275 n'kuchotsapo 0.2.

Ogwiritsa Sentinel-2 atsitse Level-2A ku Copernicus Data Space Ecosystem, ndipo pali msampha umene wakola anthu ambiri. Kuyambira pa 25 Januwale 2022 manambala a zithunzizi anawonjezeredwa 1000, ndiye muyenera kuchotsa 1000 musanagawe ndi 10000. Taonani kukula kwake: bandi yofiira ikakhala 1500 ndipo inzake ya kuwala kosaoneka 4000, NDVI (muyeso wa kubiriwira kwa zomera) yowerengedwa mosachotsa ndi 0.45, pamene yoona ndi 0.71. Munda wa nzimbe zathanzi ungaoneke ngati wofota.

Chotsani mitambo ndi madzi, ndipo dulani dera

Mu QA_PIXEL, nambala 21824 ikutanthauza nthaka yoyera yopanda mtambo, mthunzi kapena madzi. Njira yachidule ndiyo kusunga mapikiseli a nambala imeneyo okha. Kenako yang'anani ndi maso anu m'mphepete mwa mtambo uliwonse, chifukwa kamtambo kopyapyala kamene kapulumuka kamazizitsa chithunzi ndi madigiri angapo. Ndi bwino kutaya mapikiseli abwino ochepa kusiyana n'kusunga oipa.

Madzi ayenera kutuluka m'masamu athu. Lamulo limene tidalire likuti pamene zomera zachepa, kutentha kwachuluka. Mtsinje wa Shire ulibe zomera koma ndi wozizira, ndipo ukatsala m'kati umapinda mzere wonse wa mgwirizano wa zomera ndi kutentha. Madambo a Elephant Marsh, kumene madzi ndi bango zasakanikirana, asiyeninso pambali. Pamapeto mudzabwezeretsa kutentha kwa madziko monga kunalili.

Dulaninso dera kuti likhale la mtundu umodzi. Chithunzi chimodzi cha Landsat chimatenga makilomita pafupifupi 185 m'lifupi, ndiye mutha kupeza chigwa cha Chikwawa ndi mapiri a Thyolo m'chithunzi chomwecho. Kumtunda kumazizira chifukwa cha kukwera kwa malo, osati chifukwa cha masamba okha, ndipo mukasakaniza awiriwo mudzapeza mzere wosakomera chigwa, wosakomeranso phiri. Tengani chigwa chokha, makilomita 20 kapena 30 mbali iliyonse akukwanira.

Linganizani magiridi

Gawo ili ndi lotopetsa, koma ntchito zambiri zimafera pomwepa. Landsat imasunga zithunzi za kum'mwera kwa dziko m'dongosolo lolozera malo la UTM la kumpoto, ndiye cha ku Nchalo chimabwera ndi dongosolo la EPSG:32636 ndi manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera, pamene cha Sentinel-2 chimabwera ndi EPSG:32736. QGIS imazionetsa zitasanjikizana bwino pa sikirini, n'kukunamizani kuti zonse zili m'malo. Zisandutseni zonse zikhale EPSG:32736, ndipo sankhani malire amodzi a dera, manambala ake ogawika ndi 120, oti mugwiritse pa fayilo iliyonse kuyambira pano.

Tsopano bwezerani kutentha ku ukulu wake weniweni. Ine ndimagwiritsa mamita 120. 100 sagawika ndi 30. 90 imagawika, koma ndi yaing'ono kuposa muyeso weniweni, ndiye pikiseli iliyonse imakhala itabwereka kutentha kwa inzake. 120 imalandira mapikiseli 16 a Landsat, 36 a mamita 20, kapena 144 a mamita 10, popanda chotsala. Ndi pulogalamu ya GDAL:

gdalwarp -t_srs EPSG:32736 -te xmin ymin xmax ymax -tr 120 120 -r average kutentha30.tif kutentha120.tif

Mawu ofunika ndi average. Mukasiya osalemba, pulogalamu imangotola pikiseli imodzi mwa 16 n'kutaya zina. Wina adzakuuzani kuti avareji yoyenera ndi ya mphamvu yotuluka, imene imakula ngati kutentha kwa Kelvin kochulukitsidwa kokha kanayi. Akunena zoona, koma m'pikiseli imene theka lili pa madigiri 35 ndi theka pa 47 kusiyana kwa njira ziwirizi sikufika 0.2. Pa Landsat musade nazo nkhawa.

Werengani kuchuluka kwa zomera

NDVI ndi (B5 - B4) / (B5 + B4) pa Landsat, kapena (B8 - B4) / (B8 + B4) pa Sentinel-2. Imagwirizana ndi kutentha pa chifukwa chimene aliyense amene anamwapo madzi a mumtsuko wadothi amachidziwa. Mtsuko umatuluka thukuta, thukutalo likamauma madzi a m'kati amazizira. Masamba amachita chimodzimodzi: amakoka madzi m'nthaka n'kuwatulutsa ngati nthunzi, ndipo munda wodzadza masamba umakhala wozizira kuposa nthaka yopanda kanthu yoyandikana nawo.

Njira yotchedwa DisTrad, imene William Kustas ndi anzake anafalitsa mu 2003, inkagwiritsa NDVI mwachindunji ndi mzere wopindika. Mu 2007 Nurit Agam ndi anzake anaikonza n'kuitcha TsHARP, ndipo anayamba asandutsa NDVI kukhala muyeso wa gawo la nthaka lophimbidwa ndi zomera:

fc = 1 - (1 - NDVI)^0.625

NDVI ya 0.8 imapereka fc ya 0.63, ya 0.2 imapereka 0.13. Werengani fc pa mamita 30 kaye, kenako mutenge avareji yake pa 120 ndi lamulo la gdalwarp lija. Mukayamba ndi avareji ya NDVI n'kusandutsa pambuyo, magawo anu sadzakwananso bwino pomaliza. Tsopano muli ndi mafayilo atatu: kutentha120, fc120 ndi fc30.

Phunzirani mgwirizano pa mapikiseli oyera

Si pikiseli iliyonse ya mamita 120 imene ingatiphunzitse. Yokhala pamalire a munda ndi mudzi ndi yosakanikirana. Tikufuna za pakati pa gawo la nzimbe, za pakati pa nthaka youma, za pakati pa nkhalango ya Lengwe, kumene mapikiseli onse 16 a m'kati akufanana. Pezani standard deviation (muyeso wa kusiyanasiyana kwa manambala) ya NDVI m'pikiseli iliyonse ya 120 pogwiritsa r.resamp.stats ya GRASS, imene imapezeka m'bokosi la zida la QGIS, n'kuigawa ndi avareji ya NDVI. Nambala ikachepa, pikiseliyo ndi yoyera.

Musangotenga zoyera kwambiri m'dera lonse, chifukwa zidzachokera ku nzimbe zokhazokha. Gawani mapikiseli m'magulu atatu, a NDVI yochepera 0.2, a pakati pa 0.2 ndi 0.5, ndi opitirira 0.5, ndipo m'gulu lililonse mutenge gawo limodzi mwa anayi loyera kwambiri.

Musanawerenge kanthu, jambulani galafu ya timadontho, fc pansi, kutentha m'mbali. Mukufuna mtambo wa timadontho wotsetsereka kuchoka kumtunda kumanzere kupita pansi kumanja. Ukakhala wozungulira ngati mpira, imani pomwepo. Tsiku limenelo zomera sizikufotokoza kutentha, ndipo chilichonse chimene mungapange chidzakhala chokongola koma chopanda maziko. Zimachitika kawirikawiri m'dzinja, pamene dziko lonse labiriwira ndipo nthaka yanyowa paliponse.

Mtambo ukatsetsereka, r.regression.line idzakupatsani manambala awiri, a ndi b, a mzere wakuti T = a + b × fc. Pa chithunzi cha masana b ayenera kukhala ndi chizindikiro chochotsera. Manambalawa ndi a chithunzi chimenecho chokha. Tsiku lina, werenganinso.

Gawani, ndipo bwezerani chotsala

Tigwiritse manambala ongoyerekeza kuti masamu aoneke. Tinene kuti mwapeza T = 50 - 24 × fc. Tengani pikiseli imodzi ya mamita 120 imene theka ndi nzimbe za fc 0.6, theka ndi nthaka youma ya fc 0.1. Avareji ya fc ndi 0.35, ndiye mzere ukulosera madigiri 41.6. Koma setilaiti inayeza 40.6. Chotsala ndi -1.0, kutanthauza kuti pali china chimene chikuzizitsa malowa chimene zomera sizinafotokoze.

Ikani mzere womwewo pa fc30. Nzimbe zikupeza 50 - 14.4, ndiye 35.6. Nthaka youma ikupeza 50 - 2.4, ndiye 47.6. Onjezani chotsala chija pa onse 16, nzimbe zikhale 34.6, nthaka 46.6. Avareji yawo ndi 40.6, ngolo za m'nkhokwe zakwana.

Pa kompyuta ndi masitepe anayi. Werengani kutentha120 kuchotsa (a + b × fc120), mupeze chotsala120. Chitambasuleni pa mamita 30. Werengani a + b × fc30. Phatikizani ziwirizo. Potambasula chotsala muli ndi chisankho. Njira ya near imasunga muyeso ndendende, koma nthawi zina timabokosi ta 120 timaonekera m'chithunzi chomaliza ngati zigamba. Njira ya bilinear imasalaza zigambazo koma imasuntha avareji pang'ono. Ine ndimasankha near pa ntchito yowerengera madzi a mbewu, ndi bilinear pa mapu oti anthu aziona, kenako ndimatenganso avareji pa 120 kuti ndione kuti ndasuntha motani.

Ndaonapo anthu akudumpha sitepe ya chotsala chifukwa chithunzi chimaoneka chosalala popanda iyo. Chimene amatsala nacho ndi mapu a NDVI ovekedwa madigiri. Zonse zimene chida cha kutentha chinaona, zimene maso ndi NDVI sizikanaona, zili m'chotsalacho.

Pa chifukwa chomwecho, musagwiritse chida cha Pansharpening ndi bandi 8 ya mamita 15. Chinapangidwira mitundu yooneka ndi maso. Chimasamutsa kuwala kwa bandi 8 n'kukulowetsa m'chithunzi cha kutentha, ndipo manambala otuluka salinso madigiri a chinthu chilichonse.

Pamene NDVI imanama

Pano ndichedwepo, chifukwa ambiri amene amafuna chithunzi cha kutentha amachifunira ulimi wamthirira, ndipo ndi pomwepo pamene njirayi ili ndi malire opweteka.

Mbewu ikasowa madzi imatseka timabowo ta masamba, thukuta limaleka, masamba amatentha. Izi zimachitika masiku angapo masambawo asanachite chikasu. NDVI imaonabe munda wobiriwira, ndipo mzere wathu umaupatsa kuzizira kumene ulibe. Ngati gawo louma ndi lalikulu ngati pikiseli ya 120, chotsala chimaligwira n'kulikweza. Ngati ndi kamzere kamodzi kumene ngalande yatsekeka, kutentha kwake kumamwazikira pa onse 16 mofanana, ndipo kamzereko sikadzaoneka ngakhale chithunzi chikuti mamita 30. Muuzeni zimenezi mwini munda musanamupatse mapu.

Nthaka yongothiriridwa kumene, yosamera kanthu, ili ndi vuto lotembenuka: NDVI yochepa, koma yozizira. Gawo lotenthedwa ndi lakuda ndipo limapsa kuposa mmene mzere ungalosere. M'tauni, monga mu Blantyre kapena Lilongwe, tala, fumbi, simenti ndi malata zonse zili ndi NDVI yochepa koma kutentha kosiyana, ndipo malata onyezimira atha kuoneka ozizira pa chithunzi chifukwa chitsulo chosalala chimatulutsa mphamvu yochepa ya mafunde aataliwa ngakhale chikuotcha dzanja. M'mapiri, mbali yoyang'ana kum'mawa imakhala itaotha dzuwa pofika 10 koloko pamene inzake idakali mumthunzi.

Mankhwala ake ndi kupatsa kompyuta mabandi ambiri. SR_B6 ndi SR_B7, kapena B11 ndi B12 za Sentinel-2, zimamva chinyezi cha nthaka ndi masamba, zimasiyanitsanso phulusa ndi dothi. Njira yotchedwa Data Mining Sharpener, imene Feng Gao, Kustas ndi Martha Anderson anafalitsa mu 2012, imatenga mabandi onse n'kugwiritsa mitengo ya zisankho, mafunso otsatizana ogawa mapikiseli m'magulu, m'malo mwa mzere umodzi. Ilipo yaulere mu Python ndi dzina la pyDMS, yolembedwa ndi Radoslaw Guzinski. Dongosolo ndi lomwe lija: avareji ya mabandi pa 120, kuphunzira pa mapikiseli oyera, kulosera pa 30, kubwezera chotsala. Ku malo a mapiri onjezani fayilo ya kukwera kwa malo monga Copernicus DEM ya mamita 30.

Mukaganiza zodzilembera nokha ndi random forest (mitengo yambiri ya zisankho) ya scikit-learn mu Python, dziwani khalidwe lake limodzi. Siilosera kupyola manambala amene inaona pophunzira. Popeza inaphunzira pa maavareji a 120, malo otentha kwambiri ndi ozizira kwambiri a pa 30 amakankhidwira pakati. pyDMS imachepetsa vutoli poika kamzere kowongoka kumapeto kwa nthambi iliyonse ya mtengo.

Vuto lomweli limakula kwambiri mukamatsitsa Sentinel-3 kuchoka pa kilomita kufika pa mamita 20 ndi Sentinel-2, monga inachitira ntchito ya Sen-ET ya European Space Agency. Chokopa chake ndi chakuti kutentha mumakupeza pafupifupi tsiku lililonse. Koma pikiseli imodzi ikugawidwa m'mapikiseli 2,500, ndipo dimba la theka la hekitala m'kati mwa kilomita youma silinamveke n'komwe ku chida cha kutentha.

Yesani ntchito yanu

Mulibe chithunzi cha kutentha cha mamita 30 chofanizira nacho, ndiye bwererani m'mbuyo sitepe imodzi. Tengani kutentha120 n'kukuwononga dala, avareji yake pa mamita 480. Chitani ntchito yonse kuchoka pa 480 kufika pa 120, pogwiritsa fc480 ndi fc120. Kutsikaku ndi kanayi, kofanana ndi kwa 120 kufika 30, ndipo apa yankho loona muli nalo.

Werengani RMSE, muyeso wa kukula kwa zolakwika: chotsani chithunzi chanu ku kutentha120, chulukitsani zotsalazo zokha, tengani avareji, kenako square root yake. Nambala imeneyo payokha sikuuzani zambiri. Ifanizireni ndi ya munthu amene sanachite kalikonse, amene wangotambasula chithunzi cha 480 pa 120. RMSE yanu ikapanda kutsika poyerekeza ndi yake, kuphatikizako sikunathandize, ndipo ndi bwino kupereka chithunzi cha 100 monga chilili. Dziwaninso kuti mayesowa amakomera njirayi pang'ono, chifukwa mgwirizano wa zomera ndi kutentha umasokonekera kwambiri mapikiseli akamachepa.

Jambulani mapu a zolakwikazo, musangoona nambala imodzi. Mudzapeza zitaunjikana m'mbali mwa ngalande, m'magawo otenthedwa ndi m'midzi, ndipo malo amenewo ndiwo oti muwalembe chenjezo.

Ngati mungafike kumundako, tengani kachida koyezera kutentha kolozera patali. Onetsetsani kuti ndi koyezera zinthu, chifukwa kachipatala kolozera pamphumi kamawerenga manambala ochepa a thupi la munthu basi. Nthawi imene setilaiti inadutsa pa chithunzi chapita ili mu MTL pa mzere wa SCENE_CENTER_TIME, mu UTC, ndiye onjezani maola awiri, ndipo pa ulendo wotsatira idzadutsa pafupifupi nthawi yomweyo. Sankhani malo ofanana paliponse, yendani mukuyeza maulendo 20 kapena 30 m'kati mwa mamita 30, ndipo tengani avareji. Musafanizire ndi manambala a zanyengo a pa wailesi. Amenewo ndi a mpweya wa mumthunzi, ndipo nthaka youma ya mu Okutobala imatentha kuwaposa kutali.

Kusunga

Bwezerani madzi ndi kutentha kwawo koyambirira, siyani malo a mitambo opanda kanthu. Dzina la fayilo linene zoona, monga nchalo_kutentha_120m_kugawidwa_30m_tsharp ndi tsiku la chithunzi, kuti wolandira asaganize kuti ndi muyeso wa mamita 30. M'kafayilo ka pambali lembani mayina a zithunzi zonse ziwiri, a ndi b, chiwerengero cha mapikiseli amene munaphunzirapo, ndi ma RMSE awiri aja. Chotsala120 musachifufute. Chitumizeni pamodzi ndi mapu, ndipo mukakhala ndi wothirira minda mutsegule chimenecho poyamba: gawo lobiriwira limene chotsala chake chakwera kuposa magawo oyandikana nalo ndi limene ayenera kukaona ngalande yake mawa m'mawa.